Nkhata Yosasenzera

Zobiriwirazi ndinatola kuseri kwa bala ya Kalipinde
tsiku lomwe ankasenda tebulo la pulu.
Nsaluyo inali itapsa ndi ndudu patatu,
ikununkha mowa wadzana ndi thukuta la anyamata a kabaza.
Ndinaichapa kawiri. Fungo linatsalako pang'ono
ngati mkwiyo wa munthu woti wapepesedwa kale.

Zofiirazi ndi chipewa cha pakaunjika,
cha mayi wina wakutali amene sindidzamuona.
Mnyamata wa pa Kamuzu Road anatchula mtengo wake,
ine ndinati, ndani angavale ubweya
mu Okutobala wa ku Salima kuno?
Anaseka, nalandira theka.
Akuti dzina lake ndi feliti.
Ine ndaikondera chimodzi:
ukaidula siyoyoka ulusi ngati chitenje,
imangovomera pomwe sizasi yadutsa.

Mkombero ndi wa lichero lija
linabooka ndikupeta mpunga waganyu ku Lifuwu.

Ndavundikira kapu pansalu,
ndazunguliza ndi kachidutswa ka sopo,
ndadula molowera m'kati ngati chigoba cha nkhono,
ndakulunga, ndabaya singano patsinde.
Duwa loyamba latuluka khutu la mbuzi.
Lachiwiri kabichi.
Pofika lachisanu ndi chimodzi, ndiye duwa,
ndipo chala chinali chitalasidwa kanayi.
Magazi salowa manyazi pansalu yofiira.

Ndaziona amadula masamba atatulutsa lilime,
palibe awiri ofanana.
Ndamusiya. Ngakhale mtengo wa mango sumayeza.

Titamaliza ndakhoma msomali pachitseko ndi mwala
n'kuikoloweka.

Abiti Jafali akuchokera kumjigo aima chilili,
atula ndowa, avula masilipasi,
atsitsa mawu mpaka m'mawondo:
Kwagwanji? Watisiya ndani?
Bwanji osatuma mwana?

Ndinafuna kuseka, koma sanalakwe.
Kuno nkhata yamaluwa imadikira kuitanidwa dzina,
umayenda nayo pang'onopang'ono pakati pa anthu
n'kuigoneka padothi lofiira lomwe silinaume.
Ine ndayalapo zitatu:
ya mayi, ya mlongo wanga Lingilirani,
ya bambo a Ndaziona, yapulasitiki, yangongole.

Nkhata inayo ndiye ndimaidziwa kuyambira ndili ndi mano amkaka,
yachitenje chakutha, yopindira pamkono,
yolowa pakati pa mutu ndi ndowa,
pakati pa mutu ndi nkhuni,
pakati pa mutu ndi dengu la tomato
kuchoka kudimba mpaka kudepoti.
Paliwombo panga tsitsi linaleka kumera.
Gwirani muone.

Ndiye ndati, palibe wamwalira, Abiti.
Ndi yapakhomo chabe.

Nanga ntchito yake?

Ilibe.

Aiyang'ana nthawi yoti madzi akanawira.
Atambasula chala chonyowa, akhudza duwa limodzi,
alinunkhiza ngakhale akudziwa.
Kenako ati, kumanzereku mwaumira,
nasenza ndowa yawo.

M'mawa mwake ndapeza pakhonde
kanthu kokulunga m'nyuzipepala:
chipewa chachikasu, chodyedwa ndi njenjete m'mlomo mwake.
Ndi cha malemu Che Jafali, ndikuchikumbuka,
ankavala popita kukalandira penshoni.
Sanasiye mawu. Inenso sindinafunse.
Chatulutsa maluwa anayi ndi kamphukira.

Tsopano kumanzere ndiye kwalemera.
Chitseko chikamenyeka nkhata imapendekeka,
ndimaiwongola m'mawa uliwonse ndisanasese.
Fumbi la malole amchenga limaikwirira pofika Lachitatu,
ndimalikuntha ndi nthenga ya nkhuku.
Dzuwa lawotcha chimanga cha mneba, lawotcha udzu wa pabwalo,
awa okha sakufota.

Tsamba lina lili ndi bowo la ndudu pakati penipeni.
Ndaziona akuti tilichotse.
Ndakana.
Madzulo ndikabwera khosi litauma,
ndimatula dengu, ndimamasula nkhata yapamutu,
n'kuima kaye pang'ono, makiyi ali m'manja,
kuyang'ana mnzake uja
amene tsiku lonse wakhala pamsomali
osasenza kanthu,
osagonera munthu.